Propranolol: kodi ukayamba kumwa ndiye kuti susiyanso?

Kalata yomwe yafika sabata ino ndi yaifupi. Mayi wina wa zaka 34 akuti kwa miyezi itatu tsopano mtima wawo umagunda mwamphamvu, nthawi zina ngati wadumpha kenako n'kuyambiranso. Kuchipatala adawalembera propranolol wa 40 mg, kawiri pa tsiku, koma mapiritsiwo akadali m'chikwama chifukwa adawerenga pa Facebook kuti mankhwala a mtima ukayamba susiyanso. Akufunsa ngati amwe kapena asamwe.

Mayi, ndiyambe ndi mawu a pa Facebook aja, chifukwa aopseza anthu ambiri popanda chifukwa. Propranolol sali ngati fodya kapena mowa. Thupi silimulakalaka, ndipo simudzafuna kuwonjezera mapiritsi kuti mumve bwino. Zimene zimachitika ndi izi. Munthu akachita mantha kapena akathamanga, thupi limatulutsa adrenaline, yemwe amakamatirira pa timalo tating'onoting'ono ta pamtima n'kuuuza kuti ufulumire. Propranolol, atenolol, bisoprolol ndi anzawo otchedwa beta blocker amatseka timalo timeneti. Pakapita milungu, thupi limaona kuti uthenga sukufika bwino, ndiye limawonjezera timaloto. Mukangosiya mankhwala mwadzidzidzi, adrenaline amapeza timalo tambiri kuposa kale, tonse tili pululu. Mtima umathamanga kuposa momwe unkachitira poyamba, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mutu umawawa, BP imakwera. Zimenezi zimayamba pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, popeza propranolol sakhalitsa m'thupi: theka lake limakhala litachoka pakatha maola 3 mpaka 6. Zimatha zokha pakadutsa masiku angapo, mwina milungu iwiri.

Kwa munthu amene mtima wake uli bwinobwino, zimenezi n'zosautsa chabe. Kwa amene mitsempha yodyetsa mtima idachepa, uja amamva kuwawa pachifuwa akamakwera mtunda, kusiya mwadzidzidzi kungabweretse ngozi yeniyeni mpaka mtima kuima. N'chifukwa chake mankhwalawa amasiyidwa motsika masitepe, mlungu umodzi kapena iwiri, osati modumpha. Choncho kusiya kumatheka ndithu, ndipo anthu ambiri amasiya.

Koma chomwe chandivuta kwambiri m'kalata yanu ndi chimene simudatchule. Palibe pomwe mwanena kuti adakuyezani magazi. Mtima sungothamanga pachabe. Kuno kwathu, mayi wa msinkhu wanu akamadandaula za mtima kugunda, choyamba kuganizira ndi kuchepa kwa magazi: malungo obwerezabwereza, msambo wochuluka, njoka za m'mimba, uchembere wotsatizana. Magazi akachepa, mtima umafulumira dala kuti mpweya ufike paliponse m'thupi. Kuupatsa propranolol mtima wotere kuli ngati kuponda buleki minibasi ili pakati pa chitunda. Kugunda kuja kuchepa, inde, koma mutopa kuposa kale, ndipo vuto lenileni likhala likupitirira mwakachetechete. Kuyeza kuchuluka kwa magazi, komwe amakutcha Hb, n'kwa mphindi zochepa ndipo kumachitika ngakhale m'zipatala zing'onozing'ono zambiri. Ine ndimaona kuti kulemba beta blocker osayamba wayeza Hb ndi ulesi, kaya mzere panja watalika bwanji.

Chachiwiri ndi chithokomiro. Chikamagwira ntchito mopitirira muyezo, munthu amawonda pomwe akudya bwino, amamva kutentha ena akumva kuzizira, zala zimanjenjemera, nthawi zina khosi limatupa. Apa propranolol amathandiza kwambiri, koma monga wongogwirizira pomwe mankhwala a chithokomirocho, monga carbimazole, akuyamba ntchito. Chithokomiro amachiyeza potenga magazi, ndipo kuyezako kumatchedwa TSH. Chachitatu ndi zomwe mukumwa kale: khofi, tiyi wambiri wowirira, zakumwa zopatsa mphamvu zija anyamata a kabaza ndi ophunzira amazikonda, mowa, salbutamol wopopera wa mphumu, mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine. Ngakhale hydrochlorothiazide, kapiritsi ka BP kofala kwambiri m'zipatala zathu, amatsitsa potaziyamu m'magazi, ndipo potaziyamu akatsika mtima umadumphadumpha.

Kenako ECG, kuyeza komwe makina amalemba papepala momwe mtima ukugundira. Ndi pepala lokha limeneli lomwe lingasiyanitse kudumpha kosaopsa ndi matenda enieni. Anthu ambiri amene amamva ngati mtima waima kaye kenako n'kugunda mwamphamvu amakhala ndi kugunda kongowonjezera, komwe ngati mtima uli wabwino sikufuna mankhwala konse, pokhapokha ngati kukuwasowetsa mtendere. Koma kugunda kosalongosoka kotchedwa atrial fibrillation, komwe kwa ife nthawi zambiri kumachokera ku mavavu a mtima owonongeka ndi zilonda za kukhosi za paubwana, n'kwina. Kumeneko beta blocker yekha sakwanira, chifukwa pamafunikanso kuganizira za mankhwala oletsa magazi kuundana kuti munthu asachite sitiroko. Vuto la ECG n'lakuti imajambula masekondi ochepa okha, ndipo mtima umakonda kukhala phee pamaso pa dokotala. Ngati kugundako kwayamba muli pafupi ndi chipatala, pitani nthawi yomweyo. Kujambula mtima ndi echo kumapezeka ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Apa ndipatuke pang'ono. Mankhwalawa si achilendo. James Black wa ku Scotland ndiye adatsogolera kupanga propranolol m'zaka za m'ma 1960, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1988. Oimba ena amawamwa asanakwere pa nsanja kuti manja asanjenjemere, ndipo m'masewera owombera mfuti ndi mauta ndi oletsedwa pa chifukwa chomwecho. Izi zikusonyeza malire ake: amatontholetsa thupi, koma sachotsa nkhawa ya m'mutu. Ngati chikuthamangitsa mtima wanu ndi ngongole ya katapila kapena mavuto a m'banja, piritsi lingobisa chizindikiro basi.

Zovuta zomwe mungakumane nazo

Kutopa ndiye kofala, makamaka milungu iwiri yoyambirira, ndipo kwa ambiri kumachepa. Manja ndi mapazi amazizira, zomwe zimamveka kwambiri mu June ndi July. Chizungulire chimabwera mukadzuka msangamsanga, choncho khalani kaye pabedi mphindi imodzi musanaimirire. Propranolol amalowa mosavuta mu ubongo, n'chifukwa chake ena amalota maloto oopsa kapena kusowa tulo. Atenolol salowa kwambiri, kotero kusintha mtundu kumathetsa vutoli kawirikawiri. Abambo ena amaona mphamvu za kuchipinda zachepa, ndipo ambiri amangosiya mankhwala mwamseri osanena, komwe ndi kusiya koopsa kuja.

Pali anthu amene propranolol sayenera kuwayandikira n'komwe. Woyamba ndi wa mphumu. Timalo ta adrenaline tilinso m'njira za mpweya m'mapapo, ndipo propranolol amatseka tonse mosasankha, moti chifuwa chimatha kubanika n'kukana ngakhale mankhwala opopera. Ngati mudabanikapo ngakhale muli mwana, nenani. Bisoprolol ndi atenolol amasankha mtima koposa mapapo, komabe amafuna kusamala. Wina ndi amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono kale, kapena amene akumwa verapamil kapena diltiazem, chifukwa kuphatikiza kungagwetse kugunda mpaka munthu kukomoka. Wa shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide adziwe kuti kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima komwe kumachenjeza kuti shuga watsika kumabisika, chimatsala ndi thukuta. Ngati muli ndi pakati kapena mukufuna kutenga, nenaninso, makamaka za atenolol, yemwe amachepetsa kakulidwe ka mwana m'mimba. Atenolol amatulukanso kudzera mu impso, ndiye wodwala impso amafunika mlingo wochepa. Ndipo bisani mapiritsiwa kutali ndi ana, pakuti propranolol wochuluka amapha.

Ngozi ya kusiya mwadzidzidzi, kuno kwathu, siichokera kwenikweni kwa wodwala wosamvera. Imachokera pawindo lolandirira mankhwala, akakuuzani kuti atha, mubwerenso mwezi wamawa. Kapena maliro akugwerani kutali, mwapita masiku asanu botolo mwaliiwala. Choncho musadikire piritsi lomaliza. Pitani kukatenga ena mukatsala ndi a mlungu wathunthu, ndipo dzina la mankhwala ndi mlingo wake zikhale zolembedwa bwino m'buku lanu la kuchipatala kuti muthe kukagula ku famase zikavuta. Mukaiwala kumwa, imwani mukakumbukira, koma ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, ingodumphani. Osamwa awiri nthawi imodzi.

Tsono yankho lanu, mayi. Bwererani kwa amene adakulemberani musanameze piritsi loyamba, mupemphe Hb, ECG, ndi TSH ngati ikupezeka, ndipo muwauze za mphumu, shuga, pakati ndi mankhwala ena onse. Zikakhala bwino ndipo kugundako kukukusowetsani tulo, imwani osaopa. Funsani ngati mungayambe ndi theka, 20 mg kawiri pa tsiku, poti ambiri amawakwanira. M'mawa uliwonse ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu ndipo mulembe. Pakati pa 55 ndi 70 n'pabwino. Kukatsika pansi pa 50 ndipo muli ndi chizungulire, onanani ndi dokotala tsiku lomwelo. Gwirizanani kuti mudzaonanenso pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Nthawi yosiya ikakwana, njira yofala ndi kuchepetsa ndi theka kwa mlungu umodzi, kuchepetsanso ndi theka mlungu wachiwiri, kenako kusiya, ndipo masiku amenewo pewani ntchito yolemetsa ndi khofi. Koma ngati mtima ukugunda limodzi ndi kukomoka, kuwawa pachifuwa, kubanika, kapena ngati kwanu wina adamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, musadikire tsiku la sikelo kapena la msika, pitani kuchipatala lero.