Mwezi ukafa, nawe khala pansi

Mdzukulu wina wa zaka 24 wandilembera motere: "Agogo, pa foni ndikuona anthu akunena kuti mwezi ukaoneka uzilemba zolinga zako, ukakhala wathunthu uzitaya zokulemetsa, ukafa uzipuma. Ine ndimakhala wotopa nthawi zonse ndipo miyezi imangondidutsa osadziwa chomwe ndachita. Koma mnzanga akuti zimenezi ndi zamatsenga. Nditsate kapena ndizisiye?"

Mdzukulu wanga, ndayamba ndaseka, chifukwa chimene ukuchiona ngati chachilendo chili kale m'kamwa mwako. Ukamati "tionana mwezi wamawa", ukutchula chinthu chomwecho chimene chimawala usiku. Anthu anayamba kuwerenga masiku poyang'ana kumwamba, kalendala ya pakhoma inachita kubwera pambuyo.

Tiyambe ndi mantha a mnzakoyo. Mwezi ndi chimwala chachikulu chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400 kuchokera pamene waimapo. Ulibe kuwala kwakekwake, umangobwereka kwa dzuwa. Pakati pa 1969 ndi 1972 anthu 12 anakapondako, nabwerako ndi miyala ndi fumbi. Tikamati wakula kapena wafa, mwezi weniweniwo sunasinthe. Chasintha ndi kuchuluka kwa mbali yowala imene ife tikuiona pamene ukuzungulira dziko. Ndiye ukayamba kuupempha ntchito kapena banja, pamenepo mnzako akunena zoona, wasokera. Koma kuwerengera masiku pa mwezi n'chimodzimodzi kuyang'ana wotchi. Akhristu amapeza tsiku la Isitala potsata mwezi wathunthu woyamba kuyambira pa 21 Marichi. Asilamu amayamba Ramadani mwezi ukaoneka. Ku China nakonso chaka chatsopano chimayamba ndi mwezi watsopano. Onsewa sakuombeza ula.

Kuchokera pamene mwezi wafa kufika pamene udzafenso pamapita masiku 29 ndi theka. Chimene ndimaukondera kuposa kalendala n'chakuti uli ndi nthawi ya mdima. Kalendala ilibe chifundo: pa 30 kapena pa 31 pakangotha, m'mawa mwake ndi pa 1, ndipo mabokosi onse ndi ofanana ngati kuti munthu ndi makina. Mwezi umasowa usiku uwiri kapena utatu, palibe amaufunsa kuti wapita kuti, kenako umabwera wokha. Iwe wandiuza kuti umatopa. Ndikukayika ngati vuto lako ndi kusowa zolinga. Achinyamata a masiku ano zolinga muli nazo zodzaza thumba. Chimene mulibe ndi tsiku limene munalipatula kuti lero sindiyamba kanthu katsopano.

Choncho ine ndingakuuze kuti uyambire kumdimako. Mwezi ukafa, tenga madzulo awiri. Usalonjeze munthu kanthu, usapite kocheza ngati si kofunika, foni uiike patali, ugone msanga. Madzulo oyamba ingopuma basi. Achiwiriwo tenga kope ndi cholembera, udzifunse kuti masiku apitawa anathera kuti. Lemba zoona, poti palibe amene adzachonge. Ndinalonjeza chiyani chimene sindinachite? Ndani ndinamulankhula mwaukali ndipo mpaka lero sindinabwerere kukapepesa? Ndalama zinalowera kuti? Nthawi zambiri ukalemba chonchi umapeza kuti chimene chakufooketsa ndi kanthu kamodzi kamene wakhala ukukazemba, kamene kamakudzutsa pakati pa usiku, osati ntchito yonse imene umaidandaula.

Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, tuluka panja dzuwa litangolowa, uyang'ane kumadzulo, m'munsi ndithu. Udzaona kamwezi kowonda ngati chikhadabo chowengedwa, ndipo sikachedwa kulowa. Ukayang'anitsitsa udzaonanso mbali yotsalayo ikuoneka mwachizimezime, yotuwa ngati phulusa. Kumeneko ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwagunda dziko lathu n'kubwerera ku mwezi. Ndakalamba chonchi koma sindinatope nako kuyang'ana. Usiku umenewo lemba zinthu zitatu zokha zoti uchite mwezi usanafenso. Zitatu, osati khumi. Ndipo zikhale zogwirika. "Ndikhale munthu wabwino" si cholinga, palibe tsiku limene udzati ndamaliza. "Ndiwaimbira amayi Lamlungu lililonse", "ndimaliza mitu inayi ya buku la mayeso", "ndikaonetsa dzino likundivutali kuchipatala", zimenezo ndiye zolemba.

Patatha masiku asanu ndi awiri mwezi umakhala theka, ndipo dzuwa likamalowa umakhala uli kale pamwamba. Ingotsegula kope uone ngati wayambapo. Ngati sunayambe, yamba mawa.

Mwezi wathunthu ndi wosavuta kuudziwa: umatuluka kum'mawa pamene dzuwa likulowa kumadzulo, n'kuwala usiku wonse. Apa ndiye pakati pa ulendo. A pa foniwo akuti uzitaya zokulemetsa, ena mpaka kulemba papepala n'kutentha. Kutentha pepala sikubweza ngongole, mwanawe. Ine ndimati pamenepa uwerenge zitatu zija, uone chimene chalephereka, ndipo ngati chinali chongotengera anzako uchifufute wopanda manyazi. Ngati pali munthu amene muli naye nkhani, masiku amenewa ndi abwino kumufuna mukambirane, chifukwa wadzipatsa malire ndipo sungapitirize kunena kuti mawa.

Pali kanthu kena ka tulo koti udziwe. Mu 2013 akatswiri a ku Basel, ku Switzerland, motsogozedwa ndi Christian Cajochen, anapeza kuti anthu amene ankawayeza ankagona mphindi pafupifupi 20 zocheperapo mwezi ukakhala wathunthu. Mu 2021 ena a ku University of Washington anayeza anthu a mtundu wa Toba ku Argentina pamodzi ndi ophunzira a mumzinda wa Seattle, napeza kuti masiku angapo mwezi usanadzaze anthu amachedwa kugona ndipo amagona pang'ono. Akatswiri ena atafufuza sanapeze kusiyana kulikonse, choncho nkhaniyi sinathe. Koma ngati iwe waona kuti tulo timakuvuta masiku amenewo, tseka makatani, ndipo ntchito yofuna mutu wozizira usaiike m'mawa mwake. Zoti mwezi umapengetsa anthu kapena kuti wakuyambanitsa ndi bwenzi lako, zimenezo usandiuze. Mkwiyo ndi wako, mwezi usausenzetse.

Ukadutsa pamenepo mwezi umayamba kuchedwa, tsiku lililonse ndi mphindi pafupifupi 50, mpaka umayamba kutuluka pakati pa usiku n'kumaoneka m'mawa dzuwa lili kale kunja. Masiku amenewa ndi omalizitsa. Bweza chimene unabwereka, yankha mauthenga amene anaunjikana, konza malo ako ogona. Chatsopano chikabwera, ngati chingadikire, chidikire.

Tsopano chenjezo, ndipo ili ndikulankhula ndi chipsera. Miyezi 12 ya kumwamba imakwana masiku 354, pamene chaka cha pa kalendala chili ndi masiku 365. Kusiyana kwa masiku 11 kumeneku n'kumene kumachititsa kuti Ramadani izibwera msanga chaka ndi chaka. Ndiye kuti mwezi wa kumwamba ndi mwezi wa abwana ako sayendera limodzi. Ndili mnyamata ndinabwereka ndalama kwa mnzanga wina, ndinamuuza kuti ndidzabweza mwezi ukaoneka. Ine ndinkanena wa kumwamba, iye anamva pa 1. Pa 3 anafika pakhomo nkhope ili gwaa, ine ndikumulozera kumwamba kuti taona, sunaoneke. Ndalama ndinabweza, koma chinansi chathu chinatenga chaka kuti chibwerere m'malo. Akulu anati mwezi satungira mkanda: kuwala kwake n'kokwanira kuona njira, koma ntchito yofuna diso lakuthwa imafuna dzuwa. Lendi, mayeso, tsiku la kuchipatala, mankhwala amene adokotala anakupatsa, zonsezi zimatsata kalendala. Usadzachedwetse kufunsira ntchito ati chifukwa mwezi ukutha. Ndipo ngati kutopa kwakoko kukupitirira ngakhale ukugona mokwanira, pita ukayezetse magazi, usadikire mdima wina.

Mnzako uja usakangane naye. Muuze kuti kope ndi lako, mwezi ukungokukumbutsa tsiku lolitsegula. Akafuna, adzagula lake.

Kuti udziwe pamene uyambire sipafunika foni. Tuluka lero dzuwa likangolowa. Ukauona mwezi kumwamba, ndiye kuti ukukula, lemba zitatu zako usikuuno ngakhale wachedwa. Ukapanda kuuona, ndipo si mitambo yauphimba, dzuka m'bandakucha uyang'anenso. Ukaupeza nthawi imeneyo ndiye kuti ukutha, masiku ako opuma ali pafupi, konzeratu kope. Udzandilembere mwezi ukafa kawiri, undiuze kuti pa zitatu zija zatheka zingati.

Ndine agogo ako.