Voisi ya kwa msuweni: za gemu ija

Halo... eya, yayamba kujambula. Msuweni, ndaona zomwe walemba pa gulupu. Akuti "pa Honour Mode mu Baldur's Gate 3, class yamphamvu kwambiri ndi iti?" Iwe. Gemu ya pa kompyuta ija yomwe umayendetsa gulu la anthu anayi, pa mulingo wake wovuta kwambiri, ndipo ukufunsa mtundu wa wankhondo woti usankhe. Funso limenelo munthu safunsa 1 koloko usiku zinthu zili bwino. Akuphera onse anayi, eti? Usakane, mng'ono wako wanena kale kuti unakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Ndiye ukufuna tizikambirana za class ngati tili m'kalasi, pamene kwanuko kuli maliro.

Ndipo ndikutha kulosera pomwe zachitikira. Kuphanga kwa owlbear, chilombo chija cha thupi la chimbalangondo mutu wa kadzidzi, kufupi ndi Blighted Village. Unalowamo pa levulo 3, poti pa Balanced, mulingo wapakati uja, unkaipha ukudya chimanga chootcha. Koma kuchokera pomwe a Larian, opanga gemuyi, anaika Honour Mode, mu Novembala 2023, zilombo zikuluzikulu zili ndi zomwe amati Legendary Action, mphamvu yapadera yowonjezera, ndipo ya owlbear ndi kuitana mwamuna wake. Walowa kukamenya imodzi, wapezeka uli pakati pa ziwiri. Save ndi imodzi, yobwerera m'mbuyo palibe. Gemu imakulola kupitiriza, inde, koma osati ngati Honour, ndipo dayisi yagolide ija, mphoto ya omaliza Honour, iwalako.

Chabwino, class. Ndikuyankhe kuti usadandaule. Mwa anzako a mu gemumo, Lae'zel akhale Fighter wa Battle Master. Shadowheart upite naye kwa Withers, mkulu wa mafupa uja amene amasintha class, golide 100, umusinthe akhale Cleric wa Life kapena wa Light. Gale ndi Astarion uwaonjezere kuti akwane anayi. Kapena Karlach woponya mikondo, pa levulo 4 umupatse luso la Tavern Brawler. Basi. Zonsezo zimamaliza gemu. Si pamenepo pakukupweteka.

Ukukumbukira chinkhoswe cha ku Balaka chija? Aa, unali wamng'ono... ayi, unalipo, ndiwe unasanzira m'dengu la ufa. Chaka chija cha nkhani ya filiji. Eya. Banja lonse linakwera lole imodzi, mapoto, nkhuni, tambala ndi thadzi, amayi a mvano akuimba kumbuyo. Amalume a ku Chirimba anakana kukwera. Akuti mtundu wonse sukwera galimoto imodzi. Amayi anakwiya zedi, akuti achimwene mwayamba kunyada chifukwa cha jekete yatsopanoyo, mukuopa fumbi. Akazi awo sanawalankhulitse m'mawa wonse. Iwo phee, anangoima pa siteji kudikira minibasi, ndalama zawo atapinda mu sokisi monga mwa nthawi zonse. Sokisi ija agogo ankati imanunkha kuposa usipa wa chaka chatha.

Ndiye lole itadutsa Zalewa, tisanafike pa Phalula, lamba wa fani anaduka. Injini kutentha, utsi tolo, dalaivala alibe lamba wina, alibe ngakhale sipanala yoyenera. Ndalama zonse za mwambo zinali zitatsogola dzulo lake ndi ankhoswe. Dzuwa la Okutobala, nkhuku zayamba kupuma ndi kukamwa. Kenako minibasi ija ikubwera, amalume ali pawindo. Anthu kuimirira, kukupiza zitenje, ana kukuwa "amalume, amalume!" Iwe, munthu uja sanatsike. Anangokweza dzanja chonchi, ngati a bishopu, minibasi n'kudutsa. Mawu amene anatuluka pakamwa pa amayi tsiku limenelo sindingawabwereze pa gulupu pano, pali azibusa.

Patatha maola awiri... kapena atatu, amayi amati anayi koma amawonjezera chaka chilichonse... kukubwera pikapu kuchokera ku Balaka. Amalume kutsogolo, makaniko kumbuyo, malamba awiri a saizi zosiyana poti sanadziwe woyenera, ndi chigubu cha madzi. Zonse zalipiridwa ndi za mu sokisi. Akanatsika paja, akanangokhala munthu wa nambala 31 wokhala pamthunzi wa lole. Mpaka lero palibe anawapepesa, ndipo nkhani ya jekete imatulukabe pa maliro aliwonse.

Ndimati chiyani... eya. Gemu ija simatha munthu wako akafa. Imatha onse anayi akagwa. Ndiye pa nkhondo iliyonse yomwe ukukayikira, mmodzi ntchito yake ndi kuthawa. Ndi zimenezo zomwe umafunsa, kungoti sunadziwe.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Kuti batani la Flee, lothawira nkhondo kupita ku camp, ligwire, munthu wako ayenera kutalikirana ndi adani mamita 27. Ambiri amayenda mamita 9 pa turn, ndiye popanda thandizo adani amamupeza. N'chifukwa chake Astarion ndiye woyenera, kuyambira levulo 2 amatha kuchita Dash, kuthamanga kuja, ndi bonus action, kamwayi kowonjezera pa turn, ndiye amathamanga kawiri pa turn imodzi. Mupatse Potion of Invisibility, mankhwala osaoneka nawo, m'thumba mwake, osati m'thumba la Gale amene wagona kale pansi. Misty Step, matsenga ozimiririka n'kutulukira patali, ikapezeka, ya scroll kapena ya mkanda, ipite kwa iyeyo. Njira ina yosavuta kuposa zonsezi, mudule pa gulu nkhondo isanayambe, zithunzi zija zili kumbali uzilekanitse, umusiye kutali atabisala. Zikavuta iye sali m'nkhondo n'komwe, amangopita ku camp.

Ku camp kuli Withers, amadzutsa munthu mmodzi pa golide 200. Atatu ndi 600. Ndalama imeneyo uyiike m'bokosi la ku camp ndipo usaikhudze, ngakhale wamalonda akuonetse lupanga lonyezimira bwanji. Ndiyo sokisi yako. Komanso uonetsetse kuti Withers wafika kale ku camp, kamutenge kumanda kuja kufupi ndi gombe lomwe unagwera poyamba, usanayambe kusaka mavuto. Ndipo mkuluyo ukamupisa m'thumba kubweza ndalama zako sakwiya, Astarion angoyesa mpaka zitheke. Chinthu chimodzi, Gale akafa usamusiye n'kumakagona. Pakadutsa masiku awiri amaphulika, gemu yathera pomwepo. Iyeyo ndiye woyamba kudzutsidwa.

Pomwe anthu amalakwitsa, ndipo ndikudziwa ndi pomwe unalakwitsa iwe ndi mtima wako wa chifundo wa kwa amayi akowo, ndi apa. Awiri agwa, wachitatu watsala pang'ono, ndiye wachinayi ukumubweza kukachita Help, kudzutsa wogwayo. Amene wamudzutsayo amadzuka ndi HP imodzi, kamoyo kotsala pang'ono, alibe action, chilombo chimangomugwetsanso, ndipo tsopano wothandiza uja ali pafupi ndi zikhadabo. Awiri akagwa mdani asanafike ndi theka lomwe, nkhondo imeneyo yatha, wotsalayo aziona msewu. Ngati ukufunadi kudzutsa munthu, muponyere potion uli patali, ikasweka pa iye imamuchiritsa. Shadowheart alinso ndi Healing Word, spell yochiritsa ya bonus action, imafika patali. Ndi Sanctuary, nayonso bonus action, adani sangamulunjike munthuyo, koma moto wogwera malo onse umamupezabe, usadalire kwambiri.

Zina ndi zazing'ono. Mdani aliyense wamkulu umuchite Examine, kuona zambiri zake, usanayambe kulimbana naye, Legendary Action yake yalembedwa pamenepo, anthu sawerenga basi. Auntie Ethel, mfiti ija, ukamalodza pafupi naye amachulukana, ndiye kumeneko zibonga zimaposa matsenga. Usalimbane ndi zikuluzikulu usanafike levulo 5, chifukwa mpamene omenya amapeza Extra Attack, Gale amapeza Fireball, Shadowheart Spirit Guardians. Asilikali a githyanki aja, mtundu wa Lae'zel, pa mlatho wopita ku Mountain Pass, pa levulo 4 amatha kukumaliza usanagwire n'komwe mbewa... mouse, iwe, osati mbewa zako za ku Dedza zija. Initiative, yosankha woyamba kumenya, mu gemu iyi imaponyedwa ndi d4, kadayisi ka mbali zinayi, ndiye luso la Alert, lowonjezera 5, limakupatsa kuyamba pafupifupi nthawi zonse. Haste, spell yopatsa action yowonjezera, anaichepetsa mphamvu pa Honour, action yowonjezerayo imapereka kumenya kumodzi kokha, usawerengere zomwe unazolowera. Kugona kumadya zakudya 80 m'malo mwa 40, koma chakudya chili mbwee m'mabokosi ndi m'migolo, tola chilichonse ndipo uzigona. Kulowa nkhondo ma spell atatha chifukwa choumira soseji, ayi. Ndipo usaime m'mphepete mwa phompho, amakankha.

Pali malo pomwe kuthawa sikuthandiza, ndi pakamwa. Ukakafika ku crèche, likulu la asilikali a githyanki, Vlaakith mfumukazi yawo akamalankhula, usamuyankhe mwano. Amangonena mawu amodzi nonse mwafa, wothawa palibe. Ndikukuuza iweyo makamaka, amene unayankha agogo zija pa Khirisimasi.

Ndiye yambiranso, class tenga yomwe ikukusangalatsa. Koma usanalowe phanga lililonse uzidzifunsa kuti pa anayiwa wa minibasi ndani, ndipo 600 ija ili m'bokosi kapena ayi. Atatu akamakuwa pamsewu, iye adutse, akweze dzanja ngati amalume, akatenge makaniko.

Iii, mphindi zisanu ndi ziwiri, azakhali adandaula za bandulo. Ndipo chaja yanga ija ya laputopu ubwere nayo Loweruka, usanamizire kuti uli pa maliro a Lae'zel.