Malo a udzu aja ku District Six ndi bwinja, eni ake alipo

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wanu akuphunzira ku yunivesite ya Cape Peninsula University of Technology (CPUT) kuno ku Cape Town, hositelo wasowa, akulipira lendi yodula kutali ndi sukulu, pamene pafupi ndi sukuluyo, ku District Six, pali malo aakulu ongomera udzu. Ndiye mukufunsa kuti anthu amalimbanirana chiyani ndi yunivesite ikafuna kumangapo. Ena pamwambapa ayankha kuti ndi nsanje, ena akuti ndale basi. Ine ndakhala mumzinda uno zaka zingapo ndipo ndimadutsa pamenepo pafupipafupi, choncho ndiloleni ndifotokoze motalikirapo.

Kumudzi mukapeza malo opanda nyumba koma pali mitengo ya mango, mapale a miphika ndi manda cha kumbali, simunena kuti ndi tchire. Mumadziwa kuti ndi bwinja, ndipo musanakhome chikhomo mumayamba mwafunsa kuti eni ake ndani. Malo mukunenawo ndi otero. Dzina lakuti District Six linayamba mu 1867, pamene dera limeneli linakhala chigawo chachisanu ndi chimodzi cha mzinda. Munkakhala zidzukulu za akapolo omasulidwa, Asilamu a Chimalaya, Axhosa, Amwenye, Ayuda, azungu osauka, amalonda, osoka zovala, ogwira ntchito kudoko. Kunali kothinana, nyumba zina zakutha, umbava unaliponso, tisanamizane. Koma munthu ankapita kuntchito wapansi, agogo ake ali khomo lachitatu, tchalitchi kapena mzikiti uli pakona.

Pa 11 February 1966 boma la tsankho linalengeza kuti derali ndi la azungu okha, potsata lamulo la Group Areas Act la 1950. Akatapila anayamba kugumula cha m'ma 1968, ndipo pofika 1982 anthu oposa 60,000 anali atasamutsidwa. Anakawataya ku Cape Flats, dera lamchenga kutali ndi pakati pa mzinda: Manenberg, Bonteheuwel, Hanover Park, Lavender Hill, ena ku Langa ndi Gugulethu malinga ndi mmene boma linawalembera mtundu. Chimene chimandiwawa ine ndi maina. Hanover Park anaitcha potengera Hanover Street, msewu waukulu wa District Six umene anaugumula. Kukulanda nyumba, kenako nkukupatsa dzina la msewu wako kuti uziliwerenga pabasi. Dera lenilenilo analisintha dzina nkukhala Zonnebloem.

Tsono yunivesite ikubwera pati? Boma linkayembekeza kuti makampani athamangira kudzamanga, koma ambiri anachita manyazi kapena mantha, chifukwa eni ake ndi magulu owathandiza ankanena poyera kuti dothi limeneli lisakhudzidwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunali gulu lotchedwa Hands Off District Six lomwe ntchito yake inali yomweyo. Udzu mukuuonawo sunamere chifukwa choti malowo anaiwalika. Anthu anachita kumenyera kuti pakhale potero mpaka eni ake adzabwerere. Chachikulu chimene chinamangidwa pamenepo, boma likukankha, ndi Cape Technikon, sukulu ya ntchito zamanja ndi zaluso yomwe nthawi imeneyo inali ya ana a azungu. Inatenga gawo lalikulu la malowo, pamwamba pa misewu ndi maziko a nyumba za anthu. Mu 2005 Cape Technikon inaphatikizana ndi Peninsula Technikon ya ku Bellville nkukhala CPUT imene mwana wanu akuphunzirayo.

Mukapita kukamuona, mumuuze akuperekezeni ku tchalitchi cha St Mark's cha Anglican. Chaima pakati penipeni pa nyumba za sukulu, ngati mlendo pakhomo pake pomwe. Akhristu ake anakana kuti chigumulidwe, ndipo mpaka lero ena amakwera matakisi kuchokera ku Cape Flats Lamulungu kudzapemphera kumene makolo awo anabatizidwa. Mizikiti ya pa Muir Street ndi Aspeling Street nayonso inatsala. Nyumba zopemphereramo zinatsala, nyumba za opempherawo zinapita.

Tsankho litatha, lamulo la 1994 lobwezera malo linapatsa anthu mwayi wolembetsa madandaulo awo, ndipo tsiku lomaliza linali 31 December 1998. Pa 11 February 2004 Nelson Mandela anapereka makiyi kwa oyamba kubwerera. Nyumba za gawo loyambalo zinali 24 zokha. Yerekezani 24 ndi 60,000. Zina zamangidwa pambuyo pake, koma mwakamba, moti mu 2019 nkhani inali kukhothi loona za malo, oweruza akukakamiza boma kuti libweretse ndondomeko yeniyeni. Amene anachotsedwa ali anyamata pano ndi nkhalamba, ndipo ambiri amwalira kalata yolembetsera ili m'chikwama.

Ndiye taganizani nkhalamba yoteroyo ikuona njerwa zikukwera msanga pamalo omwewo, koma za hositelo. Izi zinachitika cha m'ma 2014, pamene yunivesite inamanga malo ogona ophunzira pafupi ndi kachidutswa kotsala ka Hanover Street yakale. Pamenepo panali mulu wa miyala umene anthu ochotsedwa ankaunjika, aliyense kubweretsa mwala kuchokera kumene anatayidwa, makamaka pa 11 February chaka ndi chaka. Kwa womanga ndi miyala wamba yofunika kuisuntha. Kwa eni ake ndi chiliza. Mkangano unabuka pamenepo, ndipo amene akuti ndi nsanje sanaimepo pamalopo tsiku la chikumbutso.

Sindikunena kuti vuto la mwana wanu ndi laling'ono, ayi. Chaka chilichonse sukulu zikamatsegulira timaona ophunzira atagona m'makonde ndi zikwama zawo, ndipo CPUT ya lero si ya azungu okha ngati kale. Ophunzira ambiri ndi ana a anthu osauka, ena mwa iwo ndi zidzukulu za omwe anachotsedwa ku District Six komweko. Apa ndiye pamene nkhaniyi imandivuta, chifukwa osauka awiri akulozerana chala pa dothi limodzi, pamene amene anayambitsa zonsezi anapita kale. Komabe ndikafunsidwa mbali, ine ndili ndi nkhalambazo. Hositelo ingathe kumangidwa kwina, yunivesite ingathe kuchita lendi kapena kugula nyumba zazitali m'tauni, ndipo imachita kale zimenezo. Wophunzira amakhala zaka zitatu kapena zinayi nkumapita. Koma munthu wobadwira pa Hanover Street alibe Hanover Street ina yoti angapatsidwe.

Si kuno kokha. Ku New York, Columbia University inatenga maekala 17 ku Manhattanville, m'dera la Harlem, ndipo mu 2010 khothi lalikulu la chigawo cha New York linavomereza kuti eni malo okana kugulitsa alandidwe mwalamulo. Ku Chicago, University of Illinois inatsegula sukulu yake mu 1965 pamalo pomwe panali mudzi wa Ataliyana, Agiriki ndi ena. Kulikonse mawu amakhala amodzimodzi: derali ndi lakutha, sukulu ithandiza onse. Ndipo chifukwa sukulu ndi chinthu chabwino, wokana amaoneka ngati wodana ndi chitukuko, zomwe sizichitika akamakana fakitale kapena bala.

Zina zasinthako. Sukuluyo pano imatchedwa District Six Campus, dzina la Zonnebloem linachotsedwa mu 2019, ndipo msewu wa Keizersgracht unasinthidwa kukhala Hanover Street. Maina abwerera msanga kuposa anthu.

Mwana wanuyo akapeza mpata Loweruka lina, apite ku District Six Museum pa Buitenkant Street, ndi pafupi, wapansi afika. Inatsegulidwa mu 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist. Pansi anayalapo mapu aakulu a dera lonse, ndipo anthu analembapo okha maina a mabanja awo pamene panali nyumba zawo. M'mwamba mwapachikidwa zikwangwani zenizeni za misewu, zomwe mmodzi wa ogumula anazisunga m'malo mokazitaya. Akayang'ane pamapupo kuti kalasi yake yaima pakhomo pa yani.