Kukaona alongo ku Portugal patapita zaka zoposa 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dómue, m'boma la Angónia. Ndaifupikitsa motere:

"Ine ndi alongo anga aakulu tinathawa nkhondo limodzi kupita ku Dedza mu 1986. Mtendere utabwera mu 1992 ife tinabwerera kumudzi, iwo anapita kusukulu ku Portugal n'kukhazikika ku Amadora, pafupi ndi Lisbon. Tinaonana komaliza pa maliro a amayi mu 1999. Tsopano andiitana, tikiti alipira okha. Mtima uli phaphapha. Ndinyamule chiyani? Tikacheza zotani? Abale kuno ayamba kale kundituma kuti ndikawapemphere thandizo."

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi za mapepala, chifukwa n'zosavuta kulongosola ngakhale zimatopetsa miyendo.

Pasipoti mukatenga ku SENAMI, ofesi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzachoke ku Ulaya. Viza yake ndi ya Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi), yolola kukhala masiku osapitirira 90. Portugal ili ndi konsulado ku Beira ndi ku Maputo. Alongo anu akutumizireni chikalata chotchedwa termo de responsabilidade, chosonyeza kuti malo ogona ndi chakudya zili m'manja mwawo, ndipo pafunikanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Yambani msanga, pempho amalandira ngakhale kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Ndege mukwera pa bwalo la Chingodzi ku Tete mpaka ku Maputo, kenako ya kampani ya ku Portugal ya TAP yolunjika ku Lisbon, maola pafupifupi 11 muli m'mwamba. Ngati tsiku mukusankha nokha, pewani Disembala ndi Januwale. Musanyengedwe kuti ndinu a ku Angónia ozolowera chisanu cha Juni: kumeneko kumazizira kukugwanso mvula, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko.

Za katundu. Nyama ndi mkaka saloleza kulowa nazo, kaya nyamayo ndi yowamba bwanji. Mbatata yathu ya kachewere, yomwe timanyadira nayo, isiyeninso, akakulandani. Nsomba zouma amalola mpaka makilo 20, choncho kapenta wa ku Cahora Bassa ndi chikowa nyamulani, koma mukulunge kawiri katatu, apo ayi zovala zanu zonse zikanunkha msika wa ku Tete. Onjezani ufa woyera pang'ono ndi kapulana ya alamu anu.

Tsopano nkhani yeniyeni.

Zaka zingapo zapitazo ndinakaona mnzanga amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana, yemwe amakhala ku Setúbal. Pa bwalo la ndege tinakumbatirana, tinalira, ine n'kuyamba kuthira Chichewa ngati mvula ya Januwale. Iye anayankha mawu awiri atatu, n'kupunthwa, n'kuthawira ku Chipwitikizi. Zinandiwawa. Ndinati mumtima, munthuyu watinyoza. M'mawa mwake anadzuka 5 koloko kupita kuntchito ya zomangamanga, n'kundisiya ndekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri kosanja, kopanda bwalo, kopanda woyandikana naye woti n'kumupatsa moni. Masiku awiri ndinakhala pazenera ndikudzifunsa chomwe ndinadzera.

Tsiku lachitatu usiku tikutsuka mbale, anandifunsa mwadzidzidzi ngati mtengo wa masuku wa kudambo kuja ulipobe. Ndinati anaudula. Anakhala chete, kenako anayamba kutchula maina, mmodzimmodzi, ine ndikuyankha kuti alipo kapena anatisiya. Pofika pakati pa usiku Chichewa chake chinali chitabwerera chokha, cha kumudzi chenicheni, chokhala ndi mawu omwe ngakhale ine ndinasiya kalekale. Anandiuza kuti pa bwalo la ndege paja anachita manyazi, ankaopa kuti ndimuseka.

Ndiye musaweruze ulendo wanu ndi tsiku loyamba. Alongo anu akusunga m'mutu Dómue wa 1999, inunso mukusunga mnyamata amene munadya naye phala la othawa nkhondo ku Dedza. Zonse ziwirizo kulibenso. Mukakumana ndi bambo wa imvi amene ana ake akakupsompsonani m'masaya n'kukutchulani tia, osagwada, osaomba m'manja. Si mwano, analeredwa motero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zokamba musadandaule nazo, muzinyamule pa foni. Musananyamuke jambulani manda a amayi, nyumba yomwe munakulira, munda, tchalitchi. Pitani kwa azakhali ndi amalume omwe adakali moyo muwajambule mawu akupereka moni. Jambulaninso mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014, ndi mmene Moatize wasinthira chiyambireni migodi ikuluikulu ya malasha. Munthu amene anasiya mlatho umodzi wokha pa Zambezi mumzinda wa Tete akakufunsani mafunso mpaka tambala woyamba (ngakhale ku Amadora tambala simukamumva).

Za mauthenga a abale ndilankhula mosabisa, ena akwiye. Akaneni. Auzeni musanachoke kuti mukupita kukaona munthu, osati kukatolera msonkho. Kuno timamva mayuro n'kuwasandutsa meticais m'mutu, timaiwala kuti lendi ya nyumba kufupi ndi Lisbon imadya gawo lalikulu la malipiro. Tikiti yanuyo mwina aisonkhera chaka chathunthu. Mukafika ndi mndandanda wa malata, fizi ndi njinga yamoto, akazindikira kuti kumudzi amawakumbukira ngati thumba, ndipo sadzaitananso wina. Ngati pali nkhani imodzi yolemera, monga matenda a munthu wamkulu kapena malire a munda wa makolo, isungeni mpaka sabata yomaliza, muikambe muli awiriwiri.

Simunalembe, koma ndikuganiza kuti pali mawu ena omwe mwasunga zaka zonsezi: munatisiya tokha, ife ndi amene tinadwazika, ife ndi amene tinaika maliro ena onse. Ngati alipo, adzatuluka, ndipo ndi bwino atuluke. Koma dikirani iwo ayambe afotokoza zawo. Mnzanga uja anandiuza kuti pamene bambo ake ankamwalira analibe mapepala, akanatuluka m'dzikomo sakanabwereranso kwa ana ake. Kumudzi tonse tinkati anakana dala.

Anzanu akale amene ali kumeneko akaoneni Loweruka kapena Lamlungu, ndipo muyambe mwaimba foni, kumeneko munthu sangotulukira pakhomo. Kutalika kwa ulendo, masabata atatu akwana. Mlendo ndi mame, ndipo m'nyumba yaing'ono mwezi wachiwiri umalemera kwa onse.

Chomaliza chaching'ono: nambala ya foni ndi adiresi ya alongo anu mulembe pa pepala, muike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kope la chikalata chokuitanani chija. Apolisi a pa bwalo la ndege ku Lisbon akhoza kukufunsani, ndipo foni imatha moto nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Muwapemphenso akutumizireni chithunzi chawo cha chaka chino, osati chija cha pa ukwati.