Za sales tax: yankho kwa mayi wogulitsa zitenje ku Indiana

Mayi, ndawerenga funso lanu lija, loti mwakhala mukugulitsa zitenje, madiresi osokasoka, mpunga wa Kilombero ndi usipa kwa anzathu kuno ku South Bend, ena kudzera pa WhatsApp, ena pa msika wa pa intaneti wa Etsy, ndipo mukufuna kudziwa ngati muyenera kutsegula LLC (mtundu wa kampani yolembetsedwa ku boma), ngati muyenera kudula msonkho wa sales tax, komanso mmene mungalowetsere nsomba zouma m'dziko muno. Ine ndiyankha za sales tax zokha, chifukwa ndi pamene ndinaonera zakuda, ndipo ndikupemphani kuti musatengere abale amene akuuzani pamwambapa kuti bizinesi ikakhala yaing'ono boma siliilabadira. Mawu onga amenewo ndi amene anandigwetsa m'ngongole.

Choyamba muiwale kachitidwe ka VAT ya kwathu, yomwe ndi imodzi dziko lonse ndipo imakhala kale mu mtengo wolembedwa pa shelufu. Kuno ku America boma lalikulu la ku Washington lilibe msonkho wotero, ndipo IRS, bungwe lake lotolera misonkho, siikhudzana nawo n'komwe. Msonkhowu ndi wa state iliyonse payokha: ma state 45 pamodzi ndi District of Columbia amaudula, pamene Oregon, Montana, Delaware, New Hampshire ndi Alaska alibe, ngakhale kuti ku Alaska matauni ena amadula wawo. Ife a ku Indiana tili ndi mwayi pang'ono, chifukwa mlingo wake ndi 7% paliponse, kaya ku South Bend kaya ku Indianapolis, popanda wa tauni kapena wa county wowonjezera pamwamba. Chitenje cha madola 20 chimatuluka pa madola 21.40, ndipo dola imodzi ndi masenti 40 apamwambawo si zanu. Inu mwangotumidwa kuwalandira m'malo mwa boma. Lamulo la Indiana limati ndalamazo mumazisunga mongosungira mwini wake, kotero zikasowa amalondola inu mwini, ngakhale mutakhala ndi LLC.

Ine ndinkagulitsa zikwama ndi zipangizo za foni pa msika wa Loweruka ndi Lamlungu. Bambo wina amene ankathandiza anthu ambiri a kwathu kulemba mafomu a msonkho wa pachaka anandiuza kuti popeza ndili ndi EIN (nambala ya bizinesi yochokera ku IRS) ndipo phindu ndimaliika pa fomu ya pachakayo, zonse zili m'malo. Ndinagulitsa pafupifupi zaka ziwiri osadula kalikonse. Zinaululika tsiku lomwe kampani ina yogulitsa katundu wopikulitsa inandifunsa nambala yanga ya sales tax, ndipo nditapita kukalembetsa, fomu inafunsa tsiku lomwe ndinayamba malonda. Ndinalemba zoona. Patapita masabata angapo inabwera kalata yofuna malipoti a miyezi yonse ya m'mbuyo, ndipo ndinaisiya pamwamba pa fuliji masabata atatu, poganiza kuti mwina aiwala. Sanaiwale. Msonkho womwe ndikanautolera kwa makasitomala pang'onopang'ono, masenti apa dola apo, ndinaulipira kuchokera m'thumba mwanga, madola pafupifupi 2,000, kuwonjezerapo chindapusa cha 10% ndi chiwongoladzanja. Makasitomalawo anali atapita kalekale, ndipo munthu sungamulondole kuti abweze masenti 70 a kachikwama ka foni komwe anagula chaka chatha. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti malisiti omwe ndinkasunga m'katoni ya nsapato anali atafufutika, mapepala atangoyera, moti zina ndinachita kufufuza m'mabuku a ku banki usiku ndi usiku. Bambo ujayo anangoti za sales tax si mbali yake.

Tsono chitani izi musanagulitsenso chitenje china. Lowani pa INBiz, webusaiti ya boma la Indiana yolembetsera mabizinesi, mulembetse kuti mulandire chiphaso chotchedwa Registered Retail Merchant Certificate. Mtengo wake ndi madola 25, chimagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo amachikonzanso okha ngati mulibe ngongole ndi a msonkho a Indiana. Akatero adzakuuzani ngati muzipereka lipoti mwezi ndi mwezi kapena motalikirapo, ndipo malipotiwo, omwe fomu yake ndi ST-103, mumatumiza pa INTIME, webusaiti yawo ya misonkho. Apa ndiye pamene ambiri amapunthwa: mukalembetsa, lipoti liyenera kupita nthawi iliyonse yomwe anakuikirani, ngakhale mwezi womwe simunagulitse kanthu. Mukapita kumudzi miyezi iwiri kukaona makolo, tumizani lipoti la ziro muli konko, chifukwa mukakhala chete iwo amangoyerekeza okha ndalama zomwe mwina munapeza n'kukutumizirani bilu, ndipo kuti muichotsetse mumataya nthawi yambiri pa foni. Tsegulaninso akaunti ina ya ku banki yongoikamo msonkhowo madzulo aliwonse omwe mwagulitsa. Ndalama imeneyi ikakhala pamodzi ndi mpamba, tsiku lina mudzaigulira katundu, ndipo lamulo la kuno limaika kulandira msonkho n'kuubisa dala m'gulu la milandu ikuluikulu.

Si katundu yense amene mumadulapo. Ku Indiana zovala ndi nsalu zimadulidwa 7%, koma chakudya chokaphika kunyumba sichidulidwa, kotero mpunga, ufa wa kondowole, nyemba ndi usipa wanuwo mugulitsa pa mtengo wake basi. Zimasintha mukayamba kuphika: mbale ya nsima ndi ndiwo yotentha, yoperekedwa ndi foloko, ndi chakudya chokonzedwa kale ndipo chimadulidwa, monganso masiwiti ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Mayi akagula chitenje ndi mpunga nthawi imodzi, pa lisiti zilembeni padera, msonkho ukhalenso pa mzere wake.

Za Etsy musade nazo nkhawa kwambiri. Kuyambira mu 2019 malamulo a Indiana, monga a ma state ambiri, amakakamiza misika ya pa intaneti ngati Etsy, eBay ndi Amazon kutolera msonkhowu ndi kuupereka okha ku boma. Ngozi ili pa malonda a pa WhatsApp aja, omwe munthu amakutumizirani ndalama pa Zelle kapena Cash App n'kudzatenga katundu pakhomo, chifukwa pamenepo palibe wina wotolera koma inu. Ndipo mukadzatsegula sitolo yanuyanu pa Shopify, dziwani kuti si chimodzimodzi ndi Etsy: makinawo amakuwerengerani msonkho, koma udindo wolembetsa ndi kupereka umakhalabe wanu.

Wina wanena pamwambapa kuti mukatumiza katundu ku state ina ndiye kuti palibe msonkho mpaka kalekale. Zimenezo zinali zoona kale, pamene chigamulo cha mlandu wa Quill cha mu 1992 chinkati state singakakamize wogulitsa yemwe alibe sitolo kapena wantchito m'dera lake. Pa 21 June 2018 khoti la Supreme Court linasintha zimenezi pa mlandu wa South Dakota ndi Wayfair, ndipo tsopano state ikhoza kukufunani chifukwa cha kuchuluka kwa malonda anu kumeneko, chomwe amachitcha economic nexus. Ambiri anaika malire pa madola 100,000 pachaka, pamene California ndi Texas anaika 500,000. Ndalama zimenezo mwina muli nazo patali, koma ma state ena akadali ndi lamulo lowerenga malonda 200 pachaka posayang'ana mtengo wake, ndipo zitenje 200 za madola 20 ndi madola 4,000 okha. Choncho muzilemba komwe phukusi lililonse lapita. Phukusi lomwe mwatumiza kunja kwa Indiana simudulapo 7% ya kuno, koma kasitomala wa ku Niles, kutsidya kwa malire ku Michigan, akabwera yekha kudzatengera pakhomo panu amalipira ya Indiana.

Chomwe chimakola anthu athu ambiri ndi maulendo. Mukanyamula masutikesi a zitenje kupita nawo ku chikondwerero cha pa 6 July kapena ku msonkhano wa mpingo ku state ina n'kuyala tebulo, malire a madola 100,000 aja sakutetezaninso, chifukwa inu ndi katundu wanu muli komweko. Ku Michigan mlingo ndi 6%, pamene mu mzinda wa Chicago umapitirira 10% mukaphatikiza wa state, wa county ndi wa mzinda. Ma state ambiri ali ndi fomu kapena chiphaso cha ogulitsa a masiku ochepa, ndipo ndi bwino kufunsa okonza mwambowo kudakali milungu ingapo, osati m'mawa wa tsikulo.

Ngati mwagulitsa kale zaka zingapo osadula, musathamangire kulembetsa monga ndinachitira ine. Pali njira yotchedwa voluntary disclosure, yodziulula nokha boma lisanakupezeni, yomwe nthawi zambiri imachepetsa zaka zomwe ayang'ane m'mbuyo ndi kuchotsa chindapusa, koma imatsekeka akangoyamba iwo kukulemberani. Pamenepa lipirani CPA, katswiri wowerengera ndalama wovomerezeka ndi boma, wodziwadi za sales tax. Kukhala naye ola limodzi kungakutengereni madola 150 mpaka 300 kapena kuposerapo, ndipo musanakhale pansi mufunseni ngati anatumizapo ST-103 ya munthu wina. Mapulogalamu a pa kompyuta owerengera msonkho sindikuona kuti mukuwafuna panopa pamene mukugulitsa mu state ya mlingo umodzi.

Chiphaso chija chilinso ndi ubwino wake, chifukwa mukamapikula nsalu kapena zikwama kuno ku Indiana zoti mukagulitse, mumapereka fomu ya ST-105 ndipo sakudulani msonkho. Koma musaigwiritse ntchito pogula mashelufu anu, popeza amenewo simukagulitsa, ndipo mukadzatapa diresi pa katundu wopikula kuti muvale nokha, muyenera kulilipirira 7% yomweyo, yomwe apa amaitcha use tax. Chimodzimodzinso mayi wina akabwera kunena kuti zitenje khumi akugulazo akagulitsa, kapena kuti ndi za kwaya ya mpingo, musangomva pakamwa. Akupatseni chikalata chake chosonyeza kuti sayenera kudulidwa, chodzaza ndi chosainidwa, ndipo muchijambule pa foni tsiku lomwelo pamodzi ndi lisiti, inki isanafufutike.