Bentley ya 2006 yopitira kuntchito: yankho kwa bambo amene andilembera

Bambo wina wanditumizira imelo. Akuti wapeza Bentley Continental GT ya 2006 pa mtengo wosasiyana ndi wa kagalimoto katsopano kakang'ono, ndipo akuponyanso maso pa Jaguar XK ndi Maserati GranTurismo. Malo oimikapo ali nawo a galimoto imodzi yokha, choncho yomwe agule ikhala yopitira kuntchito, yokagulira zinthu komanso ya maulendo. Kuntchito kwawo ndi makilomita 8. Funso lawo n'lakuti: n'zotheka, kapena akudziputira mavuto?

Bambo, n'zotheka, koma pa zonse mwalembazo chomwe chandigwira mtima si dzina la galimoto ayi. Ndi makilomita 8 aja.

Magalimoto a mtundu wa GT anapangidwira kunyamula anthu awiri ndi zikwama zawo mtunda wautali, pa liwiro, osatopa. Injini ya Bentley imeneyo ndi W12, ya masilinda 12, ya malita 6.0, ya ma turbo awiri, ndipo mumalowa oyilo wopitirira malita 12. Singano ya pa dashibodi imaonetsa kutentha kwa madzi, ndipo madzi amatentha msanga kuposa oyilo. Inu mukamafika pa geti ya kuntchito n'kuzimitsa, oyilo amakhala asanatenthe mokwanira kuti chinyezi ndi petulo zomwe zalowamo polizira zituluke. Mawa lake chimodzimodzi. Pakapita miyezi oyilo amasukuluka, ndipo mukatsegula chivindikiro chothirira mumapeza thovu lotuwa litamatirira kunsi kwake. Batire nalo limavutika, chifukwa sitata imatapa moto wambiri, ulendo waufupi subweza wonse, ndipo makompyuta a m'galimotomo amapitiriza kuyamwa ngakhale mwakiya. Continental GT ili ndi mabatire awiri m'buti. Moto ukachepa, dashibodi imayatsa machenjezo a zinthu zomwe zili bwinobwino, ndipo makaniko wosaidziwa galimotoyo angakugulitseni masensa atatu vuto lili batire.

Mankhwala ake ndi osavuta. Kamodzi pa sabata iyendetseni mphindi 30 kapena 40 pa msewu wotseguka kuti zonse zitenthe. Oyilo musinthe chaka chilichonse kapena pa makilomita 8,000 mpaka 10,000, chomwe chayamba kukwana, osadikira kuti kompyuta ikuuzeni. Ngati poimikapo pali soketi, gulani tchaja chaching'ono chosungira moto, chija chimazima chokha batire likadzaza, muzilumikiza galimoto ikakhala masiku angapo osayenda. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku wonse, limawerenga mavoti 12.6. Likatsika kufika 12.2 ndiye kuti latsala theka.

Musamve ngati ndikuti galimotoyi ndi yoimika n'kumaipukuta. Kukhala ndiye kumaiwononga koposa: masilo amauma n'kuyamba kudontha, mabuleki amagwira, matayala amaphwatalala pomwe akhalira pansi. N'chifukwa chake makilomita ochepa si chinthu chokuthamangitsani. Ine ndingasankhe ya makilomita 120,000 yokhala ndi mulu wa malisiti a sevisi ya chaka ndi chaka, kusiyana ndi ya 50,000 yomwe mwini wake akungonena pakamwa kuti ankaisamala.

Tibwere pa ndalama. Chomwe chatsika ndi mtengo wogulira wokha. Masipeya ndi maola a makaniko zikadali pa mlingo wa galimoto ya anthu olemera. Anthu ambiri amaopa petulo, ndipo zoona, W12 m'tauni imamwa pafupifupi malita 25 pa makilomita 100. Koma tawerengani: makilomita 16 patsiku, masiku 22 pamwezi, ndi makilomita 352. Thanki yake ndi ya malita 90. Ndiye kuti za kuntchito zokha ndi malita 88, pafupifupi thanki imodzi pamwezi. Zimawawa, koma mumazidziwiratu. Zoboola thumba ndi zina.

Galimotoyi imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Madisiki a mabuleki akutsogolo ndi a mamilimita 405, ndipo kuima-ima kwa m'tauni kumadya mapadi, matayala ndi mabushi a mikono yakutsogolo. Imakoka ndi mawilo onse anayi, choncho matayala ayenera kukhala ofanana mtundu ndi kutha kwake. Limodzi likaphulika enawo atatha theka, simugula limodzi. Pansi pa boneti m'modzaza moti dzanja sililowa. Kuseri kwa injini kuli timapaipi ta pulasitiki toyamwa mpweya, ta vacuum, tomwe timauma ndi kutentha n'kung'aluka. Kapaipiko n'kotchipa, koma kuti akafikire amakaniko ambiri amatsitsa injini ndi giyabokosi. Sitata nayo inabisala motero. Choncho mukaona m'malisiti kuti injini inatsitsidwapo ndipo mapaipiwa anasinthidwa, musachite mantha, imeneyo ndi nkhani yabwino.

Bentley ilibe masipuling'i achitsulo, imakhalira matumba a mpweya. Mphira wake ukakalamba umatulutsa mpweya pang'onopang'ono, kompuresa imagwira ntchito mosapuma pobwezeretsa, mapeto ake nayo imapsa. Kuyesa kwake n'kwaulere. Pemphani kuti iimikidwe pamalo osalala madzulo, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi pa mawilo onse anayi, mulembe, n'kubwerera m'mawa isanalizidwe. Ngodya yomwe yatsika kuposa zinzake ndiyo ikudontha, ndipo posintha amasintha ziwiri za ekiselo imodzi. Mukatero, gwadani, mulowetse dzanja pansi pa kapeti yakutsogolo kumanzere. Ngalande zotulutsa madzi a mvula pansi pa windisikirini zikatsekeka ndi masamba, madzi amalowa m'kati, ndipo pamenepo ndi pomwe pali kabokosi ka kompyuta koyang'anira makiyi ndi kuliza injini. Kapeti yonyowa kapena fungo la chinyezi, tembenukani muzipita. Utoto wowala ndi zikopa zonunkhira zisakunyengeni, paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mtima wakakamira pa Bentley, dikirani mpaka mukwanitse ya V8 ya malita 4.0, yomwe inayamba mu 2012. Ili ndi magiya 8, imazimitsa masilinda anayi mukamayenda mofatsa, ndipo ndi yaing'onopo zaka. W12 yotchipitsitsa pamsika imakhala yotchipa pa chifukwa.

Jaguar XK ya 2006 mpaka 2014 ndiyo ndingakulozereni pa ntchito mwafotokozayi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, choncho imapepuka ndi makilogalamu mazana angapo poyerekeza ndi Bentley, ndipo kupepukako mumakuona pa mabuleki, matayala ndi petulo. Imakhalira masipuling'i wamba. Ya denga lolimba imatsegula kumbuyo konse pamodzi ndi galasi, moti katundu amalowa mosavuta. Injini ya 4.2 V8 ndi yolimba, chofunika kuyang'anira ndi mapaipi a madzi ndi nyumba ya thermostat. Ya 5.0, yomwe inabwera mu 2009, ndi yamphamvu koposa koma ili ndi nthenda ziwiri zodziwika: pampu ya madzi pamodzi ndi mapaipi a pulasitiki ozungulira injini, komanso zokungira tcheni ya timing, yomwe imayendetsa mavalavu pa nthawi yake, pa magalimoto a zaka zoyambirira. Injini ya aluminiyamu sipirira kutentha. Madzi akatayika muli pa mzere wa magalimoto, imani pompo n'kuzimitsa, musati ndingofika kunyumba. Dziwaninso kuti 5.0 ilibe ndodo yoyezera oyilo, mumawerenga pa dashibodi injini itazima kwa mphindi zingapo. Kapeti ya mbali ya wokwera ikanyowa pa XK, kawirikawiri ndi kapaipi kotayira madzi a air conditioner komwe katsekeka, ndipo kukafikira kumafuna kuleza mtima. XK nayonso imachita misala batire likafooka.

Maserati GranTurismo, yomwe inatuluka mu 2007, ili ndi V8 yopangidwa ndi Ferrari, ya 4.2 kapena 4.7, ndipo pa zitatuzi ndi yomwe munthu wamkulu angakhale kumbuyo osapinda khosi. Buti ndiye yaing'ono, malita 260 basi. Chachikulu apa ndi giyabokosi. Ilipo ya otomatiki yeniyeni ya kampani ya ZF, ilipo ina yotchedwa MC Shift, yomwe ili ndi kilatchi ngati ya manyuwo koma yopondedwa ndi kompyuta. Yachiwiriyi imakoma pa msewu wotseguka, koma kukwawa pa mzere m'mawa uliwonse kumaipsereza kilatchi. Inu tengani ya ZF. Ngati yomwe mwaiona ndi MC Shift, makina oyezera amaonetsa kuti kilatchi yatha maperesenti angati, ndiye musagule musanaone nambalayo. Pa zoyambirira, mverani phokoso logogoda kwa masekondi ochepa injini ikangolira kozizira. Amenewo ndi ma variator a camshaft, tizipangizo tosintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo ntchito yake si yaing'ono.

Simunafunse za Aston Martin DB9, koma anthu ofuna zoterezi amafikako. Ingodziwani kuti pa V12 yake, kusintha mapulagi ndi makoyilo 12 kumafuna kuchotsa kaye manifold olowetsa mpweya.

Magalimoto atatu anuwo, kupatula Maserati ya MC Shift, amagwiritsa ntchito giyabokosi ya ZF ya magiya 6, ndipo ambiri anagulitsidwa ndi mawu akuti oyilo wake ndi wosasintha. A ZF eni ake ankalangiza kusintha pakati pa makilomita 80,000 ndi 120,000, kapena pakatha zaka 8. Pa ambiri sefa inamangidwa kumodzi ndi poto wapansi, choncho amasintha zonse pamodzi, komanso kasilo ka pomwe pamalowa mawaya, komwe kamakonda kudontha. Mlingo amayeza injini ikulira, oyilo ali pa madigiri pafupifupi 40. Makaniko amene sakudziwa zimenezi asaigwire. Poyesa galimoto, tsikani liwiro pang'onopang'ono ngati mukuima pa maloboti, n'kupondanso mafuta musanaimiretu. Ikagunda kumsana, giyabokosi ikufuna chisamaliro.

Tsiku lokaona galimoto, uzani wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani boneti mutsimikize kuti ndi yozizira. Phokoso la tcheni, la ma variator ndi utsi wabuluu zimaoneka pa masekondi oyambirira, injini ikatentha zimabisala. Pitani ndi makaniko wodziwa mtundu umenewo, ali ndi makina owerenga makompyuta onse a m'galimoto, osati kachipangizo kotchipa kowerenga injini yokha. Makinawo akaonetsa kuti palibe vuto lililonse koma mayeso a injini sanamalizike, dziwani kuti wina wafufuta zolakwika posachedwa. Dinani batani lililonse: mipando, mawindo, magalasi, air conditioner, buleki ya magetsi yoimikira. Pa tayala pali manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Lopitirira zaka 6 lakalamba ngakhale mano ali onse. Matayala anayi a mitundu yosiyanasiyana yotchipa amakuuzani mmene mwini wake ankaganizira akamva mtengo wa sevisi. Ndipo mukamva kuti ili ndi mabuleki a carbon ceramic, musasangalale. Amakhalitsa, koma disiki imodzi ikabenthuka mtengo wake ndi woliritsa.

Pali tinthu tina tomwe timatopetsa tsiku ndi tsiku. Zitseko n'zazitali, ndiye poimika pothina mumatuluka chopendekera. Mphuno ili pansi, makamaka ya Maserati, choncho mahampu ndi zitunda zolowera pa geti muzizidutsa chopingasa, wilo limodzi kaye. Bentley ili ndi batani lokwezera bodi pang'ono. Marimu aakulu okhala ndi matayala opyapyala amapindika pa maenje, ndiye pakakhala kusankha tengani aang'onopo. Ena mwa magalimotowa alibe tayala lapadera, ali ndi kabotolo komatira ndi kapampu, zomwe sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali. Petulo amafuna wa octane 95 kapena kuposa. A inshulansi muwauze zoona kuti ndi yopitira kuntchito, chifukwa mapangano ena otchipa a inshulansi a magalimoto otere amaika malire a makilomita pachaka ndipo salola ulendo wa kuntchito.

Vuto lenileni la kukhala ndi galimoto imodzi yokha ndi masiku omwe ili ku galaja. Sipeya ina imachita kuyitanitsidwa, ndipo sabata imodzi kapena ziwiri zimatha mukudikira. Choncho mupeze makaniko musanapeze galimoto, ndipo mudziwiretu kuti masiku amenewo muziyenda bwanji. Mukamupeza, mufunseni mitengo ya zinthu zitatu pa galimoto yomwe mukuifunayo, kuphatikizapo ntchito yake: matayala anayi, madisiki ndi mapadi a mawilo onse, ndi ntchito yaikulu yodziwika ya mtunduwo, kaya ndi matumba awiri a mpweya pa Bentley, tcheni ya timing pa Jaguar ya 5.0, kapena ma variator pa Maserati. Phatikizani. Ndalama imeneyo iyenera kutsala ku banki mutalipira galimoto ndi inshulansi. Ngati sikutsala, Bentley ya 2006 isiyeni, mukafune XK ya 4.2 yopanda supercharger, ya malisiti athunthu. Mukaigula, mwezi woyamba musinthe oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa mabuleki, muike batire latsopano ngati lomwe lilimo lapitirira zaka 4, ndipo mutsegule ngalande zonse za madzi mvula isanayambe.