Sensa ikunena china, chala chikunena china

Mayi, mwati mwana wanu wazaka 12, yemwe ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, wavala FreeStyle Libre, sensa yomata pamkono yoyeza shuga, koma iyo ikati 4.2 makina obaya chala akuti 6, komanso ikumamatuka masiku 14 asanakwane. Musaitaye, kusiyana koteroko sikutanthauza kuti yawonongeka.

Sensa siyeza magazi. Kaulusi kake kamakhala kunsi kwa khungu n'kumayeza timadzi tam'menemo, ndipo shuga wa m'timadzito amatsalira m'mbuyo ndi mphindi 5 mpaka 15. Mwana akangodya nsima kapena akangochoka kumpira, manambala awiriwo sangafanane. Tsiku loyamba nalonso sensa imakhala isanakhazikike. Usiku ndiye pamanyenga makolo ambiri: mwana akagonera mkono womwe uli ndi sensa, imatha kuonetsa kuti shuga watsika iye ali bwinobwino. Mutembenuzeni, mubaye chala. Chalacho asambe ndi kuumitsa kaye, chifukwa madzi a mango kapena nzimbe otsalira pakhungu amakweza nambala. Nambala ya sensa ikasemphana ndi mmene mwana akumvera m'thupi, chala ndicho chiweruze.

Phindu lenileni la sensa lili pa muvi womwe umaoneka pambali pa nambala, woonetsa komwe shuga akulowera. Woloza pansi tsonga ukutanthauza kuti shuga akugwa kupitirira 0.1 mmol/L (muyezo wa shuga m'magazi) pamphindi, ndiye 6 ameneyo pakatha theka la ola akhoza kufika pa 3. Akatsika kuchepera 3.9, mpatseni magalamu 15 a shuga, omwe ndi masupuni a tiyi atatu kapena anayi osungunula m'madzi. Dikirani mphindi 15, muyezenso pachala. Apa mpofunika kusamala zedi: sensa imachedwa kuonetsa kuti wakwera, kholo n'kumangowonjezera zotsekemera mpaka mwana kufika 15. Akakomoka, osamuika kanthu m'kamwa. Mugonekeni chammbali, thamangani naye kuchipatala.

Kuona nambala ikukwera kumayabwa m'manja, koma musabaye insulin pamwamba pa ina. Yofulumira, monga NovoRapid, imagwira ntchito maola atatu mpaka asanu, pomwe ya soluble, monga Actrapid, imafika maola asanu ndi atatu. Zikaunjikana zimadzamugwetsa ali mtulo. Ngati akukwera kwambiri nthawi zonse akadya, onani kaye nthawi yobayira: soluble imafuna mphindi 30 asanadye. Mlingo wokha musasinthe nokha, tengani graph ya masabata awiri mukaonetse adokotala ake. Cholinga n'chakuti akhale pakati pa 3.9 ndi 10 kopitirira 70 peresenti ya nthawi. Shuga akakakamira pamwamba pa 14, kapena mwana akamasanza, yezani ma ketone, asidi amene amachuluka m'magazi ndi m'mkodzo insulin ikachepa m'thupi. Akapezeka ambiri, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Zomatukazo gwero lake ndi Vaseline ndi thukuta. Sambitsani kuseri kwa mkono ndi sopo wamba, pukutani ndi spirit, pasiyeni paume gwaa, osadzolapo kalikonse. Ikani madzulo kunja kutazizira, mukanikize m'mbali mwake ndi chala, ndipo imayamba kuwerenga pakatha mphindi 60. M'nyengo yotentha onjezani pulasitala m'mphepete, koma kabowo kapakati kasatsekedwe. Povula yunifolomu aziyamba kutulutsa mkonowo pang'onopang'ono. Sensa ikazuka sibwezeredwa, ndiye ma strip oyezera shuga pachala asamathe m'nyumba. Yatsopano muziika mkono wina kuti khungu lipume.

Ngati sensa yanu ndi yochita kusikana ndi foni kapena makina owerengera, musadutse maola 8 osasikana, chifukwa sensa imasunga za maola 8 okha. Vitamin C wa mapiritsi wopitirira 500 mg patsiku amatha kuipangitsa Libre 2 kuwerenga mokweza, zomwe zingabise shuga wotsika. Ndipo achibale akamakutumizirani kuchokera kunja, atsimikize kuti igwirizana ndi app kapena makina owerengera omwe muli nawo, chifukwa masensawa amatsekeredwa malinga ndi dera lomwe agulitsidwa.